Nthawi ya Kumwamba ndi Belu la Apongozi

Lolemba

Kabokosi kafika! Bambo Mfumu akundiitanira ku ofesi ya parishi ndisanakwere njinga kupita ku Mayani, kumene ndimakonza mawailesi. Akuti mphwawo wa kunja watumiza chida chochiza kompyuta. Matenda ake ndimawadziwa: magetsi akangozima imaiwala tsiku ndi ola, ikadzuka imati tili mu 1980. Mwezi watha khanda la milungu itatu linalandira khadi lonena kuti linabatizidwa amayi ake akadali kuyamwa.

Zam'katimo:
kabokosi kotuwa, kukula ngati sopo wochapira, kolembedwa GPS
eriyo yoyera yofanana ndi bowa
waya wautali wa bowayo
waya wamfupi wopita ku kompyuta
disiketi imodzi
kabuku ka Chingerezi

Ndikuwerenga kabukuko chala chili pa mzere. Abale! Kumwamba uko, kupitirira mitambo, kupitirira ndege, kuli makina oposa makumi awiri ozungulira dziko. Masetilaiti. Iliyonse ili ndi wotchi yosaphonya, ndipo ntchito yake ndi kungonena nthawi, usana ndi usiku. Kuuza ndani? Aliyense womva! Ndikutuluka panja kukayang'ana. Mitambo ndi phiri basi. Ndiye kuti zaka zonsezi nthawi yoona yakhala ikuwaza pa Dedza pano, pa kachewere, pa mbuzi, pa dazi la akatekisiti, ife osadziwa kanthu. 

Chidachi chafika bwino, chifukwa dzulo ndinayankhula. Titatuluka Misa, pa msonkhano wa akuluakulu a parishi, ndinaimirira ndi kunena kuti belu la Lamulungu limachedwa mphindi makumi awiri, ndipo wotchi ya woliza belu ndi yabodza. Ndi zoona. Kungoti woliza belu ndi a Ngozo, a Ngozowo ndi apongozi anga, ndipo ndimagona pa malo awo, chaka chachitatu chino.

Ine sindibisa Chichewa. Tinavotera matipate kuti munthu azinena zimene waona. Ndimayesa ufulu wolankhula unafika mpaka kwa apongozi. Mkazi wanga Nangozo akuti unathera pamsewu.

Apongozi anangoti, "Chabwino, akamwini. Mudzatisonyeze nthawi yoonayo."

Lero Bambo Mfumu, akumwetulira m'njira imene sindikuikonda: "Basi, pofika Lamulungu chida ichi chiweruze mlanduwo."

Nangozo: "Chikakutsutsani, tambala wanu wofiira uja akupita kwa bambo. Ndipo mukapepesa pamaso pa anthu omwe aja, mutanjuta."

Sichinditsutsa. Kumwamba sikunama.

Lachiwiri

Ku Mayani sindipita sabata ino. Mawailesi adikire.

Vuto loyamba. Pulagi ya waya wamfupi ili ndi mabowo asanu ndi anayi. Kumbuyo kwa kompyuta kuli mano makumi awiri ndi asanu. Azungu amakwera kumwezi koma kugwirizana pa nkhani ya mano akulephera!

Ndikudula pulagiyo. Mukabati muli waya wakale wa mano ochuluka, ndikudulanso umenewo. Pa mawaya onse, ofunika ndi anayi okha:
wolankhulira
womvera
wapansi
wa kugunda

Wachinayiwo ndi umene ukundichititsa kakasi. Sunyamula mawu. Ntchito yake ndi imodzi: sekondi ikangobadwa, kabokosi kamagunda kamodzi. Pa nthawi yomweyo, akutero kabuku, kabokosi kena ku Japani kakugunda, kena pa sitima pakati pa nyanja yamchere kakugunda. Dziko lonse mtima umodzi! Ndakhala kaye pansi.

Chowotcherera changa ndi chija ndinapanga ndekha ndi chidutswa cha kopa. Chimafuna mbaula. Mbaula mu ofesi ya parishi. A Sisitere a ku chipatala akusuzumira pakhomo: "Mukuotcha chimanga pa mabuku a ubatizo?" Ndikuwauza kuti ndikulumikiza parishi ndi thambo. Akuti nditsekule zenera.

Ndapsa chala chamkombaphala. Ndayatsa. Zii.

Ola lathunthu ndikutukwana kabokosi. Kenako ndikuona chithunzi kumbuyo kwa kabuku: pa pulagi yaikulu, dzino lachiwiri ndi lachitatu amasinthana ntchito. Ndalumikiza kamwa ndi kamwa. Onse awiri akulankhula, palibe womvera, ngati msonkhano wa ndale.

Ndasinthanitsa. Ndayatsanso. Mayo! Zilembo zikutsika pa galasi, mzere pa mzere, sekondi iliyonse mzere watsopano, ngati linthumbu. Kabokosi kakuyankhula! Kungoti sikakunena kanthu: mipumiro yokhayokha, pakati pake popanda manambala. Masetilaiti ooneka: 00.

Madzulo ndikukumana ndi apongozi pa njira ya ku dimba. Ndikupatuka, ndikunjuta, ndikuomba m'manja monga mwa masiku onse. "Zikuyenda, akamwini?" Ndikuti zikuyenda kwambiri. Akuyang'ana chala changa chomangidwa nsanza.

Lachitatu

Tsamba limene ndinalidumpha dzulo likuti kabokosi kamabwera ndi nzeru zakale m'mutu. Uyenera kuyamba wakathira nzeru zatsopano zochokera mu disiketi. Kompyuta imafufuta zakalezo, kenako imalemba zatsopano pang'onopang'ono. Zimatenga mphindi khumi ndi zisanu. Pansi pake, zilembo zikuluzikulu: magetsi asazime pakatikati. Akazima, kabokosi katsala kopanda nzeru zakale, kopanda zatsopano.

Kuthira nzeru m'chinthu kudzera pa waya! Ine ndinasiyira sitandade 7 chifukwa aphunzitsi analibe waya woterewu.

M'mawa wonse Bambo Mfumu ali pa kompyuta, kulemba kalata ndi zala ziwiri. Ndikuyendayenda pakhonde. Akumaliza kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 12 koloko.

Lamulo la pano: belu la Angelusi la 12 koloko likangolira, a Sisitere amazimitsa jenereta, mafuta ndi ochepa. Mphindi khumi sizikwana. Koma ndikuseka ndekha. Woliza belu ndi ndani? Munthu wochedwa mphindi makumi awiri! Nthawi ilipo yambiri, ndi yotsala.

Ndayamba. Timadontho tikuyenda pa galasi kuchokera kumanzere. Theka. Kupitirira theka. Ndikupuma pang'onopang'ono kuti ndisagwedeze tebulo. Kwatsala timadontho titatu. Tiwiri.

Ngee! Ngee! Ngee!

Jenereta: gu, gu, gu. Zii.

Ndikutuluka ndikukuwa. A Sisitere ali chiimire, mutu pansi, akupemphera. Sungakalipire munthu amene akupereka moni kwa Maria. Ndikudikira. Akuti amen, ndiye ndikuwauza kuti apha chida chochokera kutsidya la nyanja. "Ine ndamva belu, a Phiri."

Pa wotchi yanga linalira mphindi zinayi itapitirira 12. Kuchedwa ndithu, ndalemba. Koma zinayi zokha? Tsiku limodzi lokha limene ndafuna kuti mkuluyu achedwe! Masana ndimakhala ku Mayani, belu la mkati mwa sabata sindilimva. Ndikukayikira kuti achita dala.

Kabokosi: kanyale sikayaka, zilembo palibe. Mtembo.

Nangozo ndamuuza kuti chida chikupumula. Wapita kukaponyera tambala chimanga, chambiri kuposa masiku onse.

Lachinayi

Chifunga. Phiri lasowa, tchalitchi chasowa, kuzizira kolowa m'mano.

Kumapeto kwenikweni kwa kabuku, tizilembo tating'ono ngati nsabwe: kabokosi kakafa motere, tsekulani, gwirizanitsani timano tiwiri tam'kati, yatsani, thiraninso nzeru. Anthu amenewa ankadziwa kuti kwinakwake pa dziko lapansi kuli a Sisitere ndi jenereta. Ndawakhululukira za mano zija.

8 koloko, jenereta ikungoyamba kumene. Timano ndatigwirizanitsa ndi pini ya Nangozo. Ndaika mpando pakhomo kuti asalowe munthu. Timadontho tikuyenda, tikuyenda, tafika kumapeto. Kanyale kofiira kayaka. Kauka! Lazaro anatenga masiku anayi, aka tsiku limodzi.

Tsopano bowa. Akuti uyenera kuona thambo lonse, ndipo kabokosi kamafuna masetilaiti anayi kuti kayambe kunena nthawi yodalirika.

pazenera: 00
pakhonde: 00
pa denga la ofesi: imodzi, kenako yathawa
pa nsungwi yaitali, ine nditaigwira ngati mbendera: awiri

Amayi obwera ku sikelo aima kundiyang'ana. Mmodzi akuti, "Iwona bwanji ndi chifunga chimenechi?" Ndikuwafotokozera kuti chifunga sichitchinga, chotchinga ndi mabulugamu awa, khoma la tchalitchi ndi phiri. "Ndiye mudula phiri?"

Malo amodzi okha aposa mitengo: nsanja ya belu, pafupi ndi ofesi pomwepa. Ili ndi chitseko. Chitsekocho chili ndi loko. Kiyi amakhala m'thumba la jekete la apongozi.

Ndatuma Nangozo. Wabwerera msanga. "Akuti kiyi sapita kwa munthu. Munthu ndiye amapita kwa kiyi."

Ndaganiza zokwera kunja kwa khoma. Ndayang'ana khomalo. Ndasiya.

Lachisanu

Ndapita kwa kiyi. Ndanjuta patali, chipewa m'manja. Mawu opepesa sindinanene, ndangopempha. Apongozi avala jekete. "Tiyeni. Makwerero ake amafuna wogwirira."

Munthu amene ndinamutcha wabodza pagulu akundigwirira makwerero. Bola akanandikalipira.

Pamwamba ndi koyamba kufikapo. Chingwe cha belu ndi chachifupi, woliza amaima pomwepo pa thabwa. Mphepo! Kukuoneka minda yonse, mtsinje, kanjira kotsika phiri kuchokera mbali ya ku Chongoni. Ndamangirira bowa pa nsonga ndi mphira wa chubu.

Waya waperewera ndi mkono umodzi. Mkono umodzi! Tasuntha tebulo lonse la kompyuta mpaka pazenera. Bambo Mfumu tsopano azilowa pa mpando wawo chammbali ngati nkhanu.

Ndayatsa. Kabuku kakuti udikire, kabokosi kayambe kamvetsera kuti kadziwe amene ali kumwamba ndi kumene ali.

01.
02.
03, kwa nthawi yaitali. Ndikupemphera, ine amene.
04!
05. 06. 07!

Kanyale kofiira kasanduka kobiriwira. Kakuphethira. Phethi. Phethi. Phethi. Zinthu zisanu ndi ziwiri zimene sindidzaziona ndi maso, zothamanga kuposa chipolopolo, zikuyankhula ndi tebulo la parishi yathu kudzera pa mtovu umene ndasungunula pa mbaula. Manambala ena akusonyeza pamene tili pa dziko lapansi. Kumwamba kukudziwa kuti kuno kuli anthu! Misozi ikulengeza. Ndikunamizira utsi wa mbaula ya Lachiwiri.

Kenako ndikuyang'ana ola. Kompyuta ikuti 8 koloko. Dzuwa likuti 10. Mtima wanga phaa. A Sisitere: "Kabwera ndi nthawi ya kwawo." Zowawa kuvomera, koma alondola. Kamanena nthawi imodzi ya dziko lonse, yowerengera ku Mangalande, ife tiyenera kuwonjezera maola awiri. Ndauza kompyuta. Yamvera.

Apongozi nthawi yonseyi ali chiimire pakhomo. Akulowa, akuvula wotchi yawo ya lamba wosokedwa ndi ulusi, akuiika pa tebulo pafupi ndi kanyale. Tonse tawerama. Muvi wa masekondi ukufika pamwamba, pa galasi mphindi ikusintha. Limodzi. Tadikira mphindi ina. Limodzinso.

"Ndimaitchera pa wailesi m'mawa uliwonse," akutero, akuimanganso pa mkono.

Ndayang'ana yanga mobisa. Ikutsogola mphindi zinayi.

Loweruka

Sindinagonje. Ndaganiza bwino:
wotchi yawo ndi yoona, chabwino
belu la Angelusi silichedwa, chabwino
koma la Lamulungu limachedwa, parishi yonse ikudziwa
mphindi makumi awiri kuchotsapo zinayi zanga, zitsala khumi ndi zisanu ndi chimodzi
ndiye wolakwa si wotchi, ndi mwini wotchi

Izi ndi zoipa kuposa zimene ndinanena poyamba, koma choonadi sichisankha nkhope. Ndawauza Bambo Mfumu kuti theka la mlandu ndaluza, theka ndi langa, ndipo mawa Misa iyambe 8 koloko ya kumwamba kuti anthu aone kusiyana. Akuti akawafunse eni belu.

Jenereta isanazime, masetilaiti atsika kuchoka pa 07 kufika pa 02. Ndathamangira panja. Khwangwala wakhala pa bowa, mnzake akujompha waya. Makina a mtengo wapatali akuuluka kumwamba kwa miyamba, uthenga wawo ukuthera pansi pa mchira wa khwangwala! Ndagenda. Ndaphonya. Mwala wagwera pa malata a tchalitchi, amayi osesa atuluka akukuwa.

Atakhazikika abwera kudzaona kanyale. Aweramira pa tebulo. Mmodzi akunong'ona, "Sikatopa?" Ndikuti ayi mayi, ngakhale tonse titafa kazingophethira. Wachita chizindikiro cha mtanda. Sindinamuletse.

Madzulo apongozi abwera okha mpaka pakhomo pathu, chinthu chimene sachita. Kiyi wapita kwa munthu. "Mawa mulize ndinu, akamwini. Nthawi yoona mukuidziwa ndinu. Ine ndikakhala pansi ndipumule."

Ndapambana! Ndikuuza Nangozo kuti amasule tambala, wamumanga mwendo pa nsanamira kuyambira masana. Akupitiriza kusenda kachewere.

Lamulungu

Wotchi yanga ndinaitchera dzulo pa kanyale, mpaka sekondi. Ndakwera nsanja kutatsala mphindi khumi. Pansi anthu a pafupi alowa kale. Bambo Mfumu avala zamisa, aima pakhomo ndi otumikira. Belu likalira amalowa, ndipo wofika Mthenga Wabwino utawerengedwa kale amadziwa yekha kuti Misa yamupita, sakalandira.

Kwatsala mphindi imodzi. Chingwe m'manja. Ndikukweza maso.

Kanjira ka ku Chongoni kadzaza anthu. Ali pakati pa phiri, mtsinje sanawoloke. Anyamuka kwawo kusanache, mu chisanu chija. Pansi sungawaone, mabulugamu amatchinga. Amayi obereka ana, bambo wina akukankha njinga itanyamula munthu wofunda bulangete, ndipo kumbuyo kwenikweni agogo ena a ndodo.

Ayang'ana kunsanja. Aona kuti amene waimapo si a Ngozo. Mzere wonse wayamba kuthamanga. Agogo aja akweza chitenje ndi dzanja limodzi, ndodo ku dzanja linalo, akuyesa kuthamanga pa miyala yonyowa.

8 koloko. Ndikuidziwa ndithu. Ku Japani akuidziwa. Masetilaiti asanu ndi awiri ali pamutu panga penipeni, onse akunena chinthu chimodzi.

Agogo aterereka. Adzuka.

Ndasiya chingwe. Ndavula chipewa, ndikuchikupiza uku ndi uku, ndikukuwa ngati wamisala kuti yendani bwino, musathamange! Sangandimve, koma chipewacho achiona. Ayamba kuyenda.

Ndaima pamenepo ndi nthawi yolondola kuposa ya munthu aliyense m'boma la Dedza, ndikuiona ikutayika sekondi ndi sekondi. Agogo awoloka mtsinje. Aima kupukuta matope. Aima kupereka moni kwa munthu wa m'dimba! Alowa pa geti.

Ndaliza belu mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri itapitirira 8. Apongozi sanachedwepo chotere chiyambire.

Nangozo akuti parishi yonse imadziwa chimene a Ngozo amadikira, ndi ana omwe. Ndikuti bwanji osandiuza? "Simunafunse. Munangoimirira." Ndamuchenjeza kuti asayambe za wodya phula. Akuti sanatsegule pakamwa.

Titatuluka, pamaso pa akuluakulu omwe aja, ndanjuta. Tambala m'khwapa. Ndanena mosabisa Chichewa kuti wotchi yabodza inali yanga, pakamwa ndi panganso. Akatekisiti akufunsa ngati kumwamba kwachita apilo. Anthu aseka mpaka kutsokomola.

Kompyuta yachira, makadi a ubatizo a lero atuluka ndi tsiku loona. Palibe wandiyamika.

Ndikubweza kiyi ndi manja awiri. Apongozi alandira tambala, kiyi ayi. Akuti mawondo awo akhala akudandaula ndi makwerero aja zaka zitatu, kungoti samaona womusiyira. "Wofulumira sindikanamupatsa. Koma inu mumachedwa bwino."

Ndiye basi. Lamulungu lililonse, 7 koloko ndi theka, pa nsanja, mu mphepo. Akuti ndizibwera ndi jekete.